Sprint review yathu anthu asiya kubwera, tikulakwitsa pati?

Nachisale_SM: Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa mtendere nde ndati ndiitule pano mwina ena munadutsamo kale. Ndine Scrum Master, wothandiza anzanga kutsatira njira yogwirira ntchito yotchedwa Scrum, pa timu ya anthu 7, tikupanga pulogalamu yowerengera katundu m'nyumba yosungiramo katundu, ija yoti katundu akalowa amusikane, akamatuluka amusikanenso, manijala aziona kuti kwatsala zingati. Sprint yathu, nthawi yomwe timadzipatsa kuti timalize gawo limodzi la ntchito, ndi ya masabata awiri ndipo review, miting'i yoonetsa kasitomala zomwe tapanga, timachita Lachisanu lomaliza masana. Poyamba kumabwera anthu ngati 10 ochokera kwa kasitomala, pano akumabwera awiri mwina atatu, ndipo obwerawo amangokhala zii kamera yotseka, developer wathu akuonetsa sikirini kwa mphindi 40, pamapeto ndikafunsa ngati pali funso amangoti zili bwino pitirizani basi. Ndiye pakatha masabata atatu tikungolandira imelo yaitali yoti zomwe mwapangazi si zomwe timafuna. Zimandiwawa kwambiri chifukwa anzanga a pa timu amagwira ntchito molimbika, ndipo mpata woti anthu alankhule unalipo koma sanalankhule. Ndithandizeni maganizo.

Madala_wa_Code: Achemwali ndisanayankhe ndifunse kaye. Pa ma review asanu apitawa, ndi kangati pomwe Product Owner (PO) wanu, amene amasankha zoyenera kuyamba kupangidwa, anatuluka m'miting'imo atasintha kanthu pa backlog, mndandanda wa ntchito zomwe zikudikira kupangidwa? Kaya kukweza chinthu pamwamba, kaya kuchotsa, kaya kulembamo chatsopano?

Nachisale_SM: Mmm kunena zoona palibe madala. Backlog timaikhudza Lolemba pa planning, pokonza ntchito ya sprint yatsopano.

Madala_wa_Code: Matenda ali pamenepo. Anthu aja si aulesi ayi, aona kuti kaya abwere kaya asabwere zinthu zimayenda chimodzimodzi, ndiye munthu wotanganidwa angadzavutikirenji. Review inakhazikitsidwa kuti timu ndi eni chinthucho akhale pamodzi, aone chomwe chapangidwa, aone zomwe zasintha kunjaku, kenako agwirizane chochita kutsogolo. Scrum Guide, kabuku kofotokoza Scrum komwe analemba Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland, komwe anakakonzanso mu Novembala 2020, kamanena poyera kuti review ndi nthawi yogwirira ntchito limodzi ndipo timu ipewe kuisandutsa chionetsero chabe. Inuyo mukuchita theka loyamba lokha, loonetsa, theka lachiwiri lokambirana kuti tsopano tilowere kuti mwalisiya. Ine ndinaziphunzira mochedwa, zaka zingapo ndinkaganiza kuti demo ikayenda osafa seva ndiye kuti tawina.

Wa_Backend: Koma madala musawapeputse anthu a kasitomalawa, nawonso ali ndi mlandu. Munthu wamkulu wakuitana kuti udzaone ntchito yomwe ukulipira, iwe ukutseka kamera ukuyankha ma imelo ena, kenako ukudzadandaula patapita mwezi. Safunsa anadya phula, vuto ndi lawo.

Make_Tadala: Pepani ndilowererepo, ine si wa IT, ndimagwira ntchito mbali ya operations ndipo ndine mmodzi wa anthu amene timaitanidwa ku ma review ngati amenewa kuntchito kwathu, ndili pano chifukwa ndinkafuna kumvetsa zomwe anzathuwa amachita. Achimwene Wa_Backend, ndikuuzeni chifukwa chake ine ndinkakhala chete. Choyamba chilankhulo. Munthu amayamba kunena za endpoint, za migration, kuti tachita refactor pa module yakuti, ine sindikumva olo liwu limodzi, ndipo bwana wanga ali momwemo m'miting'i ndiye ndifunse kuti endpoint ndi chani ndiyaluke pamaso pake? Ndimangoti zili bwino. Chachiwiri amene akudina mabatani ndi yemweyo amene anawapanga, amadziwa podina, mausi ikungothamanga uku ndi uku, pomwe ndikuti ndiwerenge zomwe zalembedwa pa fomu iye wadutsa kale masikirini atatu. Chachitatu zomwe amaonetsa zimakhala zoyera mopitirira, katundu atatu okha, Test 1, Test 2, Test 3, pomwe ife kuntchito timakhala ndi mizere masauzande, maina ena olembedwa molakwika, ena obwerezedwa kawiri. Nde ndikamaonera zimaoneka zabwinodi, sindinama ndikamati zili bwino, vuto ndimadzaliona tsiku lomwe ndachigwira ndekha ndi ntchito yeniyeni. Imelo yaitali ija imabadwa tsiku limenelo.

Nachisale_SM: Mayi zikomo kwambiri, zimene mwanenazi ndendende ndi zomwe zimachitika kwathu, mpaka Test 1 Test 2 yemweyo. Sindinaganizepo kuti munthu angamachite manyazi kufunsa.

Make_Tadala: Ndiwonjezere kamodzi. Uthenga woitanira umangolembedwa kuti Sprint 14 Review basi. Ine nambala 14 sikundiuza kanthu. Akanalemba kuti sabata ino tikuonetsani momwe mungabwezere katundu wowonongeka ndipo tikufuna mutiuze ngati chifukwa chobwezera chizikhala chokakamiza kulemba kapena ayi, ndikanabwera, ndikanatenganso mnzanga amene amachita ntchito imeneyo tsiku ndi tsiku.

Wa_Backend: Chabwino mayi ndamva, za chilankhulozo ndikuvomera, timalankhuladi ngati tili tokhatokha.

Anaphiri_QA: Ine chomwe chinasintha ma review athu ndi chimodzi chokha, tinasiya kugwira tokha kiyibodi. Timapereka foni kapena kompyuta kwa munthu amene adzagwiritse ntchito chinthucho, timamuuza ntchito yoti achite osati podina ayi, mwachitsanzo kasitomala wabweza zinthu ziwiri mwa zisanu zomwe anagula, zilowetseni. Kenako tonse timatseka pakamwa n'kumaonera. Tsiku loyamba linali lowawa, mayi wina anakhala mphindi yathunthu akusakasaka batani lomwe ife tonse timaliona kuti lili pamphuno pake, developer amene analipanga akungotekeseka pampando akufuna kumulozera, ine ndikumugwira mkono kuti dikirani. Pamapeto mayiyo anati ndimafunafuna mawu oti kubweza, inu mwalemba kusintha oda, kwathu sititchula choncho. Mphindi ziwiri zokha tinaphunzira chomwe sitikanachipeza ngakhale nditatesita mwezi wonse, chifukwa ine ndimatesita ngati chikugwira monga tinalembera, sinditesita ngati tinalemba zolondola. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Chenjezo lokha, muuzeni munthuyo pasadakhale ndipo munene pamaso pa onse kuti tikuyesa pulogalamu osati iyeyo, akasochera ndiye kuti ife ndi amene talakwitsa, apo ayi adzachita mantha n'kukana ulendo wina.

Nachisale_SM: Nanga ngati miting'i ili ya pa intaneti? Athu ambiri amalowa pa Teams.

Anaphiri_QA: Zimatheka bwinobwino. Mutumizireni linki ya seva yoyeserera tsiku la dzulo lake, muonetsetse kuti walowa ndi password yake isanafike nthawi, pa miting'ipo iyeyo ndi amene aonetse sikirini yake. Pa Teams ndi pa Zoom pomwe pali kothekera kopatsa munthu wina ulamuliro wa mausi yanu ngati linki yavuta. Komanso ikanimo deta yofanana ndi yeniyeni, yosokonekera ngati ya kuntchito kwawo, mutachotsamo maina ndi manambala a anthu enieni.

Kadev_Katsopano: Akuluakulu ine ndangotha miyezi 5 pantchito ndiye mwina funso langa ndi lachibwana. Kwathu review ndimaiopa, usiku wake sindigona bwino. Kumabwera bwana wamkulu wa dipatimenti, amatsegula Jira, pulogalamu yomwe timalembamo ntchito zathu ngati matiketi, pa sikirini yaikulu n'kumayenda tiketi imodziimodzi, iyi anatenga ndani, bwanji sinathe, munati ndi mapointi atatu bwanji yatenga sabata yonse. Sprint yapitayi anandiimika pamaso pa anthu a kasitomala kuti ndifotokoze chifukwa chake tiketi yanga inatsala, ndinangoti kakasi. Kodi ndi mmene zimayenera kukhalira?

Madala_wa_Code: Mng'ono wanga funso lako si lachibwana, ndipo ayi sizimayenera kutero. Chimene chikuchitika kwanuko ndi bwalo la milandu lomwe lavala dzina la review. Mu review timayang'ana chinthu chomwe tapanga, osati munthu amene wachipanga. Ntchito ndi ya timu yonse, ikatsala yatsala ya tonse. Zokambirana kuti tinagwira bwanji ntchito, pati panavuta, tisinthe chani, zili ndi malo ake, retrospective, yomwe imabwera review ikatha ndipo imakhala ya timu yokha, kuti anthu alankhule momasuka. Ndipo za mapointizo, Scrum Guide sitchula n'komwe story points kapena velocity, ndi zida zomwe matimu anangotengera kuti ziziwathandiza kuyerekeza kukula kwa ntchito, si sikelo yoyezera munthu. Bwana akayamba kuzigwiritsa ntchito ngati chikwapu chotsatira chake n'chodziwikiratu, anthu amayamba kukweza manambala, ya 3 amati 8, ndipo amabisa mavuto mpaka aphulike. Scrum Master wanu ali kuti zikamachitika zimenezi?

Kadev_Katsopano: Amakhala momwemo koma nawonso amaopa, sinanga amene amasaina za malipiro awo ndi bwana yemweyo.

Abanda_PO: Izi ndinakumana nazo ine monga Product Owner. Kulimbana ndi bwana pagulu sikuthandiza, amangouma mutu kuti asaoneke wogonja. Ndinapita kukaonana nawo pawekha, ndinawafunsa kuti kwenikweni mumafuna kudziwa chani mukamafunsa za matiketi. Anati ndimafuna kudziwa ngati tifike pa tsiku lomwe tinalonjeza kasitomala. Nde ndinaona kuti nkhawa yawo ndi yomveka, njira yofunsira ndi imene inali yolakwika. Tinagwirizana kuti review iliyonse ndiziyamba ine, mphindi zisanu, kunena cholinga cha sprint chinali chakuti, tachikwanitsa kapena ayi, izi zatha izi sizinathe, osatchula dzina la munthu, ndipo chakumapeto ndizionetsa zomwe zatsala pa backlog ndi momwe tikuonera za tsiku lija. Atayamba kulandira yankho la funso lawo lenileni anasiya okha kufukula matiketi. Mng'ono wanga, iwe usapite wekha kwa bwanayo, kaitule nkhaniyi pa retrospective, unene mmene unamvera tsiku lija, udzadabwa kuti anzako onse zimawawawa chimodzimodzi.

Wa_Backend: Tsono funso lina lomwe timakangana nalo kwathu sprint iliyonse. Chinthu chatha 90%, chatsala kungotesita ndi kukonza tizibug tiwiri, tichionetse kapena ayi? Ine ndimati tichionetse, anthu aone kuti sitinangokhala.

Anaphiri_QA: Ayi achimwene, chonde ayi. 90% ya developer ine ndimaidziwa, 10% yotsalayo imatha kudya sprint ina yathunthu. Ndipo kasitomala akaona chinthu chikuyenda pa sikirini m'mutu mwake chatha basi, mawu oti chatsala pang'ono sawamva, Lolemba akufunsa kuti bwanji sindikuchiona pa foni yanga.

Madala_wa_Code: Pamenepa Guide ya 2020 sinasiye mpata. Chinthu chomwe sichinakwanitse Definition of Done, mfundo zoyezera kuti chinthu chathadi, sichingatulutsidwe ndipo sichingaonetsedwe ngakhale pa review, chimabwerera ku Product Backlog kuti chikaganiziridwenso. Chifukwa chake n'chakuti anthu apanga ziganizo potengera zomwe aona, ndiye akaona zosatha ngati zatha apanga ziganizo pa mchenga.

Wa_Backend: Koma madala tisamangoti buku lati buku lati. Bwanji ngati ndikufuna maganizo awo ndisanamalize, kuti ndisataye masiku ena atatu pa chinthu cholakwika? Si ndiye agile imeneyo?

Chemwali_UX: Apa ndili mbali yanu pang'ono a Backend, koma pali kusiyana. Kufunsa maganizo pa chinthu chosatha n'kwabwino, ine ndimachita tsiku lililonse ndi zojambula za pa Figma, pulogalamu yojambulira mmene sikirini idzaonekere. Cholakwika ndi kuchisakaniza ndi zomwe zatha. Ife timachita chonchi, gawo loyamba ndi la zomwe zathadi, zomwe titha kutulutsa lero lomwe. Tikatseka gawo limenelo PO amanena momveka kuti zomwe zikubwerazi sizinapangidwe, ndi maganizo chabe a kutsogolo, ndiye ndimaonetsa zojambula, dala zakuda ndi zoyera zopanda mitundu kuti aliyense aone ndi maso kuti si pulogalamu. Komanso bwanji mudikire mpaka review? Ngati Lachiwiri mwakaikira, imbirani munthuyo Lachiwiri lomwelo mphindi khumi, muonetseni, akuyankheni.

Madala_wa_Code: Mfundo yomalizayo ndi yaikulu achemwali. Anthu 17 aja amene anakumana ku Snowbird ku Utah mu Febuluwale 2001 n'kulemba Agile Manifesto, chikalata cha mfundo za agile, njira yopanga pulogalamu pang'onopang'ono ukumva maganizo a kasitomala, anaikamo mfundo yoti anthu a bizinesi ndi opanga pulogalamu azigwira ntchito limodzi tsiku ndi tsiku, osati kuonana kamodzi pa masabata awiri. Review ikakhala khomo lokhalo loonanirana ndi kasitomala imalemedwa katundu wosayenera. Chimodzimodzi za kutulutsa, matimu ambiri amasunga zinthu zomwe zatha kudikira kuti bwana adzavomereze pa review, pomwe Guide yomweyo imati review isatengedwe ngati chipata choti chinthu chidutsepo kaye chisanapite kwa ogwiritsa ntchito. Ngati chatha Lachitatu tulutsani Lachitatu, ndiye pofika pa review mudzakhala ndi nkhani yokoma kuposa demo, yoti anthu achigwiritsa ntchito masiku awiri ndipo taona zakutizakuti.

Wa_Backend: Chabwino nanga ife amene ntchito yathu ilibe sikirini? Sprint yonse ndakhala ndikukonza ma query a database, ndionetse chani, code?

Abanda_PO: Code ayi, onetsani chomwe munthu wamba amve m'thupi. Kwathu kunali lipoti la kumapeto kwa mwezi lomwe anthu a maakaunti ankalidina n'kuchoka pampando kukachita zina chifukwa linkachedwa. Developer atakonza sananene mawu oti index olo kamodzi, anatsegula mawindo awiri, lakale ndi latsopano, anapempha mayi wa maakaunti kuti adine onse awiri, latsopano linatuluka lakale likuzungulirabe. Mayiyo ndi amene anayamba kufunsa kuti nanga lipoti lina lija la ngongole mungalichitenso chonchi, ndipo linalowa pa backlog pompo. Ngati ntchito yanu ilibiretu chotsatira chomwe mungafotokoze m'mawu a kasitomala, ichi ndi chizindikiro choti ine PO ndi inu sitinamvane bwino chifukwa chake tikuichita.

Nachisale_SM: Ndikulemba zonsezi. Za nthawi bwanji, ife timaika ola limodzi koma demo yokha imadya mphindi 40.

Madala_wa_Code: Malire ake ndi maola 4 pa sprint ya mwezi umodzi, sprint ikafupika nayonso nthawi zambiri imafupika, ndiye ambiri a masabata awiri sapitirira maola awiri. Ola limodzi likhoza kukwana timu ya anthu 7, bola mutembenuze kagawidwe kake, kuonetsa kuchepe kukambirana kuchuluke. Simukakamizidwa kuonetsa tiketi iliyonse. Sankhani ziwiri kapena zitatu zomwe zikukhudza cholinga cha sprint komanso zomwe muli nazo funso lenileni, tizinthu ting'onoting'ono monga kukonza kalembedwe ka mawu tilembeni pa mndandanda anthu awerenge okha. Ndipo funso loti pali ndemanga musiye kulifunsa, limabala zii nthawi zonse. Funsani munthu mmodzi pomutchula, funso loti sangayankhe kuti eya kapena ayi. Mukanakhala nacho ichi mawa m'mawa, chikanakuvutani pati? Ndi chiyani chomwe mukanapitirizabe kulemba papepala ngakhale ichi chilipo? Mukafunsa dikirani, musathamangire kudzaza bata ndi mawu anu.

Chemwali_UX: Ndipo Lachisanu masana mulisinthe ngati n'kotheka, afunseni eni akewo kuti ndi tsiku liti lomwe ntchito imawapepukira. Palibe lamulo loti sprint izitha Lachisanu, ife yathu imatha Lachiwiri.

Mphunzitsi_Agile: Ndafika mochedwa koma ndiponyepo kamodzi kwa amene muli ndi matimu angapo pa chinthu chimodzi. Kuika matimu asanu pamzere aliyense mphindi 20 kumagonetsa anthu. Mu LeSS, njira ya Craig Larman ndi Bas Vodde yochitira Scrum ndi matimu ambiri, muli kachitidwe kena komwe amakatcha bazaar, timu iliyonse imakhala ndi tebulo lake ndi kompyuta, alendo amayendayenda kupita pomwe pawakhudza, kugwira okha, kucheza ndi opangawo maso ndi maso, kenako onse amasonkhana kukambirana za kutsogolo. Ndinayesapo ndi matimu atatu, amene anali chete pagulu anamasuka kwambiri atakhala awiriawiri. Chovuta chake n'chakuti pa tebulo lililonse pafunika munthu wolemba, apo ayi zonse zabwino zija zimathera m'malere.

Wa_Backend: Koma mukawamasula chonchi anthuwa sadzatha kupempha. Aliyense adzafuna batani lake, mtundu wake. Ine ndimati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imfotere yekha, apangireni chomwe akufunacho aone okha kuti n'chosathandiza.

Make_Tadala: Achimwene ife si ana, ndipo nthawi zambiri tikapempha batani ndiye kuti pali pomwe pakutipweteka koma sitidziwa kufotokoza mwa njira yanu. Mutifunse kuti batanilo mukufuna likuthandizeni chani.

Abanda_PO: Mayi akunena zoona, komanso kusema nyanga imeneyo ndi masabata awiri a anthu 7, si zotayira phunziro. Chomwe ine ndimachita ndi ichi, pa review sindilonjeza kanthu ndipo ndinapempha ma developer kuti asamanene kuti aa chimenecho n'chophweka tichita mawa, chifukwa mawu amenewo kasitomala amawasunga ngati pangano. Ndimalemba pempho lililonse pa sikirini onse akuona, ndimafunsa vuto lomwe lili kuseri kwake, kenako ndimatsegula backlog n'kufunsa kuti ichi mukuchiona chikuposa chiti mwa zisanu zapamwambazi. Apa ndi pomwe kukambirana kwenikweni kumayambira, chifukwa wa malonda ndi wa maakaunti amayamba kumvetserana okhaokha, aliyense amazindikira kuti chake chikakwera cha mnzake chitsika. Chiganizo chomaliza ndi changa monga PO, nthawi zina ndimati ndikaganize kaye, koma review yotsatira ndimayamba ndi kunena kuti ulendo watha munanena izi, ichi tachita, ichi chili pa nambala 4, ichi sitichita chifukwa chakuti. Ngakhale amene wakanidwa amabweranso chifukwa waona kuti mawu ake sanagwere pansi.

Nachisale_SM: Akuluakulu ndabweranso, review ija tachita dzulo, tinaisamutsira Lachitatu m'mawa a kasitomala atatiuza kuti Lachisanu ndi tsiku lomwe magalimoto ambiri amabwera kudzatenga katundu, ife miyezi yonseyi osadziwa. Mu uthenga woitanira ndinalemba mafunso awiri omwe timafuna atiyankhe, ndipo ndinapempha manijala wawo kuti abwere ndi munthu mmodzi amene amalandiradi katundu pakhomo. Anabwera anthu 6. Bambo wolandira katunduyo tinawapatsa foni kuti alowetse katundu wongofika kumene, anasikana bokosi loyamba, lachiwiri, kenako anaima n'kufunsa kuti ndiye ndizichita chonchi mabokosi onse 60 a pa pallet imodzi? Anati kwawo katundu wofanana amawerenga pallet yonse kamodzi, galimoto singadikire kuti asikane limodzilimodzi, ndipo akanapatsidwa pulogalamuyi mmene ililimu akanabwerera ku pepala tsiku lomwelo. M'chipinda munangoti zii, ndipo sprint zitatu takhala tikumanga pamwamba pa kasikanidwe kameneka. PO wathu anatsegula backlog pompo, analemba za pallet n'kuika pamwamba, lipoti lomwe manijala ankalidikira linatsikira pa nambala 3, manijalayo sanasangalale poyamba koma bambo aja atafotokozanso anavomera yekha. Tinapitirira nthawi ndi mphindi 15. Chomwe chandidetsa nkhawa ndi china, mtsikana wathu wina amene anathera sprint yonse akukonza tsamba la ma password ntchito yake sinaonetsedwe chifukwa tinasankha ziwiri zokha, sananene kanthu koma nkhope inagwa, ndipo ndi munthu wolimbikira kwambiri. Ndichite bwanji kuti ena asamaone ngati ntchito yawo ndi yosawerengedwa?

Anaphiri_QA: Bambo a pallet aja musawataye achemwali, tengani nambala yawo kudzera kwa manijala wawo, developer amene agwire za palletzo aziwaimbira sprint ili mkati. Za mtsikanayo, kachezeni naye lero lomwe musadikire retrospective, mumuuze chifukwa chake munasankha ziwiri zija. Ndipo ulendo wina kusankha zoonetsa musachite inu ndi PO nokha, ichite timu yonse dzulo lake mphindi khumi, aliyense amve chifukwa chake ichi chalowa ichi chatsala.

Kadev_Katsopano: Ine ndikanakhala iyeyo ndikanakonda kupatsidwa mpata wotsogolera mlendo pa review yotsatira, ngakhale chinthucho sindinapange ine, kungokhala amene ndikumuuza ntchito yoti ayese n'kumalemba pomwe wakakamira. Muzisinthana choncho.

Nachisale_SM: Zikomo mng'ono wanga, ndimufunsa ngati angakonde kutsogolera bambo aja pa ya pallet. A Banda, mndandanda uja wa zomwe anthu anapempha ulendo watha mumausunga mu Jira momwemo kapena pa tsamba lapadera?

Abanda_PO: Tsamba lapadera, limodzi lokha lomwe ndimangowonjezera pansi review iliyonse, mizati itatu, chomwe chinanenedwa, amene ananena, ndi pomwe chili pano. Zomwe ndavomera ndi zomwe zimakalowa mu Jira, chifukwa anthu a kasitomala ambiri alibe akaunti ya Jira koma linki ya tsambalo aliyense amatha kutsegula.